Ndere yosunga madzi: mungaizindikire bwanji?

Ndere zonse si zofanana. Ija imamera pakhoma la bafa m'dzinja ndi ina, yoterera ya pamiyala ya mumtsinje ndi inanso. Pali mtundu wina umene akatswiri a zomera amausamala kwambiri, dzina lake Sphagnum. Ndere imeneyi ikafa ndi kuunjikana m'madzi kwa zaka mazanamazana, imasanduka dothi lakuda, lofewa, lotchedwa peat.

Kuizindikira n'kosavuta. Imamera mothithikana, ndipo kunsonga kwa kathunthu kalikonse kuli kamutu kooneka ngati nyenyezi. Ilibe mizu. Mukaizula mupeza kumunsi kwafa kale, koma kunsonga kukukulabe. Imakhala yobiriwira motuwa, pena yofiirira, ndipo ikauma imayera mbee. Mukaifinya m'dzanja madzi amachucha ambiri, pakuti mitundu ina imasunga madzi olemera kuwirikiza ka 20 kulemera kwake ikakhala youma. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, madokotala ku Ulaya ankamangira mabala a asilikali ndere yomweyi, chifukwa imamwa magazi ndi mafinya, ndipo asidi wake amalepheretsa tizilombo kuswana.

Sphagnum imafuna malo onyowa chaka chonse, a madzi a asidi, opanda chonde. Kuno kwathu malo otere ali pamwamba pa mapiri ozizira monga Mulanje ndi Nyika. Kutentha kwa ku Balaka, kumene kumakonda malambe, sikuyanjana nayo. Nyanja ya Chilwa nayonso si malo ake: ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho madzi ake ndi amchere, ndipo m'mbali mwake mumachuluka njedza ndi bango.

Komatu dothi la peat silichokera ku Sphagnum yokha. Bango, udzu wa m'dambo ndi masamba a mitengo, zikamira m'madzi osaphwa, zimaola mwapang'onopang'ono n'kupanga dothi lomweli. Ku Congo, m'chigwa cha Cuvette Centrale, akatswiri analengeza mu 2017 za dera lalikulu la peat wochokera ku nkhalango za m'madzi. Padziko lonse malo a peat ndi pafupifupi 3 peresenti ya mtunda, koma amasunga kaboni wochuluka kuposa nkhalango zonse. Dothili limakula pafupifupi milimita imodzi pachaka. Likaumitsidwa n'kugwira moto, limanyeka chapansipansi kwa masabata, utsi wake n'kumavutitsa a mphumu ndi chifuwa.

Apa ndiye pali phunziro kwa ife a ku Machinga ndi Balaka. Nyanja ya Chilwa, imene ili pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, inaphwa mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso. Madambo a ku Chilwa, ku Chiuta ndi m'mbali mwa Shire ndiwo amagwira madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe, madimba ndi zitsime n'kukhala ndi moyo. Mafumu, alimi ndi asodzi, tisatenthe madambo posaka mbewa kapena pososa minda, ndipo tisakumbe ngalande zowaumitsa.