MAGETSI OCOKERA KU DZUWA

Dzuwa likalowa pa mudzi wopanda magetsi, nchito zambiri zimaima. Mwana wa sukulu wofuna kuwerenga ayenera kuyatsa koloboyi kapena kandulo. Kuwala kwa koloboyi ndi kocepa, utsi wace umalowa m'maso ndi m'cifuwa, ndipo akagwa pa mphasa akhoza kutentha nyumba yonse. Ndiponso parafini amagulidwa sabata ndi sabata, ndipo akatha, ndarama zija zapita.

Magetsi ambiri a m'Zambia amacokera ku mphamvu ya madzi. Damu la Kariba, pa mtsinje wa Zambezi, linatha kumangidwa m'caka ca 1959. Pa Kariba ndi pa Kafue madzi amatsika mwamphamvu nazunguza makina akuru opanga magetsi. Koma mvula ikacepa, magetsi amacepanso. M'caka ca 2024 kunagwa cilala coopsa, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ili linali tsoka la dziko lonse. Madzi a m'Kariba anatsika kwambiri, kotero kuti anthu a m'matauni anakhala mumdima maola ambiri tsiku liri lonse. Kumidzi yambiri yakutali mawaya a magetsi sanafike konse. Cifukwa cace anthu ambiri anayamba kuyang'ana ku dzuwa, limene limawala ngakhale m'caka ca cilala.

Magetsi a dzuwa amapangidwa motere. Pa tsindwi la nyumba amaika cipangizo caphanthiphanthi cokutidwa ndi galasi, cimene anthu acicha sola. M'kati mwace muli timbale topyapyala ta silikoni, amene amayengedwa kucokera ku mcenga. Kuwala kwa dzuwa kukagwa pa timbaleto, magetsi amayamba kuyenda m'waya nalowa m'batire. Batire limasunga mphamvuyo usana, ndipo usiku limayatsa nyale, kuliza wailesi ndi kudzaza moto m'lamya ya m'manja. Akatswiri a ku Bell Laboratories, ku America, ndiwo anapanga timbale toyamba togwira nchito bwino m'caka ca 1954. Popeza Zambia iri kumwera kwa equator, sola imapendeketsedwa pang'ono kuyang'ana kumpoto, ndipo pfumbi liyenera kupukutidwa kawirikawiri.

Kuwala kwa dzuwa sikugulidwa, koma sola ndi batire zimafuna ndarama zambiri pa nthawi imodzi. Mlimi akhoza kupeza ndarama za parafini wa sabata imodzi, koma kusonkhanitsa mtengo wonse wa sola kumambvuta. Ili ndilo bvuto lalikuru, ndipo pali njira zitatu zimene anthu apeza zopeputsira katunduyu.

Njira yoyamba ndi ya boma. M'maiko ena boma limacotsako gawo la mtengo kwa munthu ali yense woika sola pa nyumba yace. Ku Australia kwakhala kukucitika zotere kwa zaka zambiri, ndipo tsopano nyumba imodzi mwa nyumba zitatu ziri zonse iri ndi sola pa tsindwi. Boma la Zambia linatsata njira yina. M'caka ca 2008 linacotsa msonkho umene unali kulipiridwa polowetsa sola m'dziko, kuti mtengo wace m'masitolo utsike.

Njira yaciwiri ndiyo kulipira pang'ono pang'ono. Wogula amapereka ndarama zocepa poyamba, natenga sola kupita nayo kwao. Pambuyo pace amatumiza ndarama pa lamya ya m'manja sabata ndi sabata kapena mwezi ndi mwezi. Akaleka kulipira, nyale zimazima zokha, akalipira zimayakanso. Akatsiriza mtengo wonse, solayo ikhala yace. Motero ndarama zimene zikadathera pa parafini zimagula cinthu cokhalitsa.

Njira yacitatu ndi thandizo locokera kwa anthu acifundo ndi maiko ena. M'caka ca 2016 boma la Sweden linakhazikitsa thumba la ndarama lochedwa Beyond the Grid Fund for Zambia. Ndaramazo zinapatsidwa kwa makampani ogulitsa sola kumidzi, ndipo kampani inali kulandira monga mwa kucuruka kwa nyumba zimene inaziwalitsa. Anthu oposa 1,000,000 anapeza magetsi mwa njira imeneyi. Liriponso bungwe lacifundo lochedwa SolarAid, limene linayamba ku Britain m'caka ca 2006. Bungweli linafikitsa nyale zazing'ono za sola kumidzi ya m'Zambia ndi m'Malawi, makamaka kudzera mwa aphunzitsi akuru a masukulu, ndipo makolo anazigula pa mtengo woti angaukwanitse.

Wina akhoza kufunsa kuti, "Ngati anthu awa ali acifundo, alekeranji kungogawa nyalezo kwaulere?" Zifukwa ziripo. Ndarama za mphatso zimatha msanga, ndipo zikatha midzi yotsala siilandira kanthu. Kaciwiri, nyale zikagawidwa kwaulere, wamalonda sangazibweretsenso ku sitolo yace, pakuti palibe wozigula. Tsono nyale ikaonongeka, mwini wace asowa kogula yina ndi woikonza. Kacitatu, munthu amasamala cinthu cimene wacikhetsera thukuta. Cotero thandizo labwino limatsitsa mtengo ndi kutsegula njira, koma mwini nyumba amasenzako mbali yace.

Pamene sola yafika, moyo wa pamudzi umasintha. Ana amalemba nchito ya sukulu madzulo popanda utsi. Wa sitolo amagulitsabe kutada. Pa cipatala caching'ono, namwino amathandiza mai wobereka usiku ndi kuwala kokwanira, ndipo mankhwala a katemera amasungidwa mozizira. Anyamata ndi atsikana ena apeza nchito yogulitsa, kuika ndi kukonza sola.

Komabe sola siikhala mpaka muyaya popanda cisamaliro. Batire limafooka pakapita zaka zingapo, ndipo banja lanzeru limasunga ndarama zodzagulira lina. Batire lakufa lisatayidwe m'munda kapena pafupi ndi citsime, pakuti muli mankhwala oononga nthaka ndi madzi. Boma likhoza kucotsa msonkho, ndipo anthu akutali akhoza kutumiza thandizo, koma wopukuta pfumbi pa sola ndi wosunga batire ndiye mwini nyumba pamodzi ndi ana ace.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji magetsi anacepa m'Zambia m'caka ca 2024?
2. Kodi batire ligwira nchito yanji?
3. Chulani njira zitatu zopeputsira mtengo wa sola.
4. Fotokozani cifukwa cace nyale za sola sizigawidwa kwaulere kwa onse.