Chithunzi cha mathithi chikadulidwa: mawu atatu amene amasokoneza anthu ku Livingstone

Mathithi a Mosi-oa-Tunya ndi otambalala mamita 1,708, ndipo madzi a Zambezi amagwera m'phompho lakuya mamita oposa 100. Munthu woima pa Knife-Edge Bridge, nthunzi ikumunyowetsa, sangawatenge onse m'chithunzi chimodzi cha foni. Ayenera kusankha choti chilowe ndi choti chitsale. Mkangano umabwera pambuyo pake, chithunzicho chikafika m'tauni ya Livingstone kukatsukitsa, chifukwa mawu atatu, crop, zoom ndi resize, ambiri amawatchula ngati ndi amodzi.

Kasitomala amauza wa ku situdiyo kuti amukulitsire chithunzi. Iye akutanthauza pepala lalikulu lopachika pabalaza. Wa ku situdiyo amamva kuti akufuna nkhope ioneke pafupi, ndiye amadula m'mbali. Potuluka pepalalo, nkhope ilipo koma mathithi ndi utawaleza zapita.

Crop ndi kudula: mbali ina ya chithunzi imachotsedwa. N'chimodzimodzi telala akadula chitenje. Chimene wapatsa mwini wake ndi chotsalacho basi. Mafoni ena amasunga chithunzi choyamba, koma amene mwamutumizira amalandira chodulidwacho. Zoom pa chithunzi chojambulidwa kale ndi kungoyang'ana pafupi. Mukatambasula ndi zala ziwiri, chithunzicho sichisintha. Koma mukachita zoom pojambula, mafoni ambiri amangodula pakati n'kukuza, n'chifukwa chake mvuu yojambulidwa patali pa Zambezi imatuluka mbuu. Resize ndi kuchepetsa kapena kuwonjezera timadontho topanga chithunzi, mapikiselo, popanda kuchotsa mbali iliyonse ya zimene zikuoneka.

Palinso nkhani ya maonekedwe a pepala. Kamera ya foni nthawi zambiri imajambula pa muyeso wa 4:3, mwachitsanzo timadontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi. Pepala la masentimita 10 ndi 15, limene ambiri amatsukitsa, lili pa muyeso wa 3:2. Kuti chithunzi chidzaze pepalalo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 9 liyenera kuchoka, pamwamba kapena pansi. Apa ndi pamene duku la agogo kapena mapazi a mwana amathera. Wa ku situdiyo angathe kusiya chithunzi chonse, m'mbali mukatsala mizere yoyera, koma ayenera kuuzidwa. Ndipo kuti pepala laling'onoli lituluke bwino, pamafunika timadontho pafupifupi 1,800 ndi 1,200. Chithunzi chodutsa pa WhatsApp mwa masiku onse chimafika chitachepetsedwa kale. Chikatumizidwa ngati document, chimafika chonse.

Anthu a ku Livingstone anaona kulemera kwa nkhaniyi m'chaka cha 2019. Chaka chimenecho kunali chilala chenicheni, ndipo mu Okutobala pulezidenti wa Zambia wa nthawiyo, Edgar Lungu, anaika pa Twitter zithunzi za miyala youma ya mathithiwa pochenjeza za kusintha kwa nyengo. Zithunzi zotere zinafalikira padziko lonse, ena n'kumati mathithi aphwa. Ogwira ntchito zokopa alendo anadandaula, chifukwa mbali ya Zambia, Eastern Cataract, imachepa madzi chaka chilichonse cha m'ma Okutobala ndi Novembala, pomwe Main Falls, moyang'anana ndi mbali ya Zimbabwe, amagwa chaka chonse. Zithunzizo sizinali zabodza, koma zinaonetsa chidutswa chabe cha mamita 1,708 aja. Amene anali kutali sanathe kudziwa zimene zinatsala kunja.

Kudula kumakhudzanso mbiri. Tauni ya Livingstone inali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935, ndipo mlatho wa njanji pa Zambezi unatha kumangidwa mu 1905. Wofufuza mbiri akagwira zithunzi za nthawi imeneyo, monga zosungidwa ku Livingstone Museum imene inakhazikitsidwa mu 1934, amayang'ananso m'mphepete: zovala za antchito, nyumba zakumbuyo, kuchuluka kwa madzi. Zithunzi za ukwati ku Maramba kapena za ogulitsa ziboliboli ku Mukuni Park lero zidzagwiranso ntchito yomweyo kwa adzukulu athu, ngati m'mphepete mwake sitidulamo.

Kufunsa ndi kudziwa njira. Musanadule, sungani chithunzi choyamba. Ku situdiyo, nenani momveka ngati mukufuna pepala lalikulu kapena nkhope yapafupi, ndipo pemphani kuona pa kompyuta mmene chitulukire musanalipire. Inunso a ku situdiyo, muzifunsa kasitomala musanadule kanthu.