Mawu a ku Luxembourg Amene Analowa m'Mafunde a Eni

M'chaka cha 1933 katswiri wina wa zamagetsi, B. D. H. Tellegen, analikumvera wailesi ku Eindhoven, m'dziko la Holland. Anali atatchera nyumba youlutsa mawu ya ku Beromünster, ku Switzerland. Koma kuseri kwa mawuwo kunamveka ena chapansipansi, a nyumba ya ku Luxembourg, imene inali kuulutsa pa mafunde ena ndithu. Wailesi yake inalibe chilema. Chosokonezacho chinali kumwamba.

Kutali pamwamba pa mitambo, kuyambira ngati makilomita 60, kuwala kwa dzuwa kumang'amba tizidutswa ta mpweya, ndi kumasula tinthu tamagetsi totchedwa maelekitironi. Mpweya wong'ambika wotere Irving Langmuir wa ku America anautcha plasma mu 1928. Dzuwa lenilenilo ndi plasma; moto wa mphezi nawonso ndi womwewo. Plasma ya kumwambayo ndiyo imabweza mafunde a wailesi kuti atsikire kumaiko akutali, ndipo pakuti siikhala bata, mawu amakwera ndi kutsika usiku, monga adziwa yense womvera mafunde aafupi.

Mu 1934 V. A. Bailey ndi D. F. Martyn a ku Australia anamasulira chinsinsicho. Luxembourg ili chapakati pa Beromünster ndi Eindhoven, ndipo nyumba yake inali yamphamvu kotero kuti mafunde ake anatenthetsa maelekitironi a kumwambako. Mawu ake akakwera, maelekitironi ankatentha, nameza gawo lalikulu la mafunde a ku Beromünster odutsa pomwepo. Mawu akatsika, ankazizira, nameza pang'ono. Chotero mafunde a eni anafika ku Eindhoven atasenza mawu achilendo.

Apa ndipo paonekera khalidwe lovuta la plasma. Mkazi akatunga mitsuko iwiri, madzi ake aposa a mtsuko umodzi kawiri, ndipo zinthu zambiri zitsata lamulo lolunjika limeneli. Plasma siitero. Funde lisintha njira imene lipitamo, njirayo nisinthanso fundelo. Kukankha pang'ono nthawi zina sikuchita kanthu, koma nthawi zina kugwetsa zambiri, monga dzanja limodzi la mchenga ligumula mulu wonse.

Tsono popeza palibe munthu angathe kuneneratu kugwedezeka kulikonse pakokha, akatswiri agwira njira ya kuwerenga. M'nyumba zoyeseramo ali ndi chiwiya chotchedwa tokamak, chozungulira ngati nkhata, m'mene maginito amphamvu agwira plasma yotentha koposa pakati pa dzuwa. Cholinga ndicho kutenga magetsi m'moto wofanana ndi wa dzuwa. M'mphepete mwa plasmayo alowetsa nsonga ya waya, monga anayambira Langmuir yemweyo, ndipo nsongayo iyesa magetsi kokwana 1,000,000 pa sekondi imodzi. Pamenepo awerenga: kugwedezeka kwakung'ono kwachitika kangati, kwapakati kangati, kwakukulu kangati.

Munthu akayesa misinkhu ya amuna a m'mudzi, apeza kuti ambiri ali chapakati, aafupi ndi aatali ali owerengeka, ndipo wotalika kawiri kuposa anzake palibe konse. Kuwerenga kwa m'mphepete mwa tokamak sikutuluka chomwecho. Pakhala bata kanthawi, kenaka chibulumwa cha plasma chithothoka ndi kuthamangira kukhoma, pa liwiro lofika kilomita imodzi pa sekondi; ndipo zibulumwa zazikulu zibwera kawirikawiri koposa mmene lamulo la misinkhu lija likanalolera. Zimenezi ndizo zitaya gawo lalikulu la plasma yothawira kukhoma. Chiwiya chachikulu cha JET ku Culham, ku England, chinatsiriza ntchito yake mu 2023, ndipo omanga ITER kumwera kwa France asowa kuwerenga kotere kuti adziwe chimene khoma lao lidzapirira. Womanga mlatho pa Luangwa safunsa za madzi a masiku onse. Afunsa za chigumula, kukula kwake ndi kubwerabwera kwake.

Chodabwitsa n'chakuti zombo za m'mlengalenga zapeza khalidwe lofanana m'plasma youluzika kuchokera kudzuwa, imene itchedwa mphepo ya dzuwa: bata, kenaka kulumpha kwadzidzidzi. Ndipo namondwe wa kudzuwa akagunda dziko, anthu wamba amva nawo. Pa 13 Malichi 1989 chigawo cha Quebec, ku Canada, chinakhala chopanda magetsi ngati maola 9. Ndipo pambuyo pa anamondwe a mu Okutobala 2003, matiransifoma ena aakulu ku South Africa anapezeka ataonongeka. Komatu kuwerenga kwa kumwambaku n'kochedwa. Wa m'nyumba yoyeseramo asonkhanitsa zibulumwa zikwizikwi tsiku limodzi. Wowerenga anamondwe aakulu ali nawo owerengeka chabe kuyambira uja wa mu 1859, umene unatulutsa moto m'mawaya a telegalamu ku Ulaya ndi ku America.