SIKELO SINENA ZONSE: KUPIMA MAFUTA A M'THUPI

Pa kiliniki ya ku Kaunda Square, monga pa makiliniki ena a mu Lusaka, pali sikelo yopimira odwala. Munthu akakwerapo, nambala imalembedwa pa khadi, ndipo ambiri amaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma sikelo imapima zonse pamodzi: mafupa, minofu, madzi ndi mafuta. Siuza munthu kuti pa makilogalamu akewo, mafuta ndi angati.

Mwacitsanzo, pangakhale amuna awiri a msinkhu umodzi, mamita 1.70, aliyense wolemera makilogalamu 80. Wina aumba mabuloko ku Kalingalinga. Winayo ayendetsa minibasi pa mseu wa Great East, kucokera ku Chelstone kulowa m'tauni, tsiku lonse ali cikhalire. Woumba mabuloko angakhale ndi mafuta okwana makilogalamu 12, ndiye kuti magawo 15 pa 100 a thupi lake. Dalaivala angakhale ndi makilogalamu 24, magawo 30 pa 100. Pa sikelo ali cimodzimodzi, koma amene matenda a shuga ndi BP akumulondola ndi dalaivala.

Mafuta pa okha si mdani. Amasunga mphamvu, amafunditsa thupi, ndipo mkazi amafunika oculukirapo kuposa mwamuna cifukwa ca mimba ndi kuyamwitsa. Mwamuna wamkulu ali bwino akakhala ndi magawo 10 mpaka 20 pa 100. Akapitirira 25, aculuka. Kwa mkazi magawo 20 mpaka 30 ndi abwino, ndipo opitirira 35 ndi oculuka.

Njira yofala m'zipatala ndi BMI. Amatenga makilogalamu, nagawa ndi msinkhu wa munthu m'mamita, nagawanso kaciwiri ndi msinkhu womwewo. Yankho la pakati pa 18.5 ndi 24.9 ndi labwino, 25 kupita m'mwamba ndi kulemera kopitirira, ndipo 30 ndi kunenepa kwa matenda. Njirayi ithandiza, koma ili ndi vuto lomwe lija la sikelo. Amuna awiri aja onse apeza 27.7.

Palinso kacipangizo konga mbano kamene katswiri amatsinira khungu kumbuyo kwa mkono, pansi pa phewa ndi m'mbali mwa ciuno, kenaka nkuwerengera pa chati. Kafuna dzanja lozolowera. Masiku ano kwabweranso masikelo amene amatumiza magetsi ocepa kwambiri, osamveka, kudzera m'mapazi. Magetsi amayenda mosavuta m'minofu popeza muli madzi ambiri, koma m'mafuta amavutika, ndipo makinawo amayerekeza kucokera pamenepo. Kuyerekezako kumasokonezeka munthu akangodya, akamwa mowa dzulo lake, kapena akatuluka thukuta kwambiri. Wopima apime m'mawa, pa makina amodzimodzi, ndipo asataye tulo ndi kusintha kwa tsiku limodzi. Amene anaikidwa kabatire ka mtima asakwerepo.

Koma cipangizo cimene cinena zoona kopambana mtengo wake ndi tepi ya atelala. Cifukwa cake ndi cakuti malo amene mafuta akhala ndi ofunika kuposa kuculuka kwake. Mafuta a m'matako ndi m'nchafu savuta kwambiri. Oopsa ndi a m'kati mwa mimba, ozungulira ciwindi ndi matumbo. Amenewa amalowa m'magazi mosalekeza, amalepheretsa insulini kugwira bwino nchito yake yocotsa shuga m'magazi, ndipo amathandiza kukweza BP. Mapeto ake ndi shuga, matenda a mtima ndi sitiroko. Munthu wa miyendo ndi manja oonda koma mimba ili patsogolo ali pa ngozi, ngakhale sikelo itamukomera mtima.

Kapimidwe kake ndi aka. Munthu aimirire, avule juzi, atulutse mpweya monga mwa masiku onse osakokera mimba m'kati. Tepi idutse pakati pa nthiti yotsiriza ndi nsonga ya fupa la m'ciuno, cifupi ndi mcombo. Asapime pa lamba, pakuti abambo ambiri amamanga lamba pansi pa mimba, nadzinamiza kuti buluku ikali saizi yakale. Bungwe la World Health Organization linena kuti ngozi imayamba pa masentimita 94 kwa mwamuna ndi 80 kwa mkazi, ndipo imakula kwambiri pa 102 ndi 88. Wopanda tepi atenge cingwe cotalika molingana ndi msinkhu wake, acipinde pawiri. Ngati sicikumana pozungulira mimba, mafuta aculuka. Mayi wapakati asadzipime motere.

Nkhaniyi ndi yovuta kuilandira kuno. Kuyambira kale, mimba ya bambo inali cizindikiro ca ndalama, ndipo mkazi wonenepa amati asungidwa bwino. M'zaka za m'ma 1990, pamene kaliondeonde anatha anthu, kuonda kunasanduka manyazi, ndipo ena mpaka lero aopa kucepetsa thupi kuti anansi anganene. Pomwepo kunenepa kukukwera: kafukufuku wa umoyo wa dziko lonse wa 2013 mpaka 2014 anapeza kuti akazi 23 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali olemera kopitirira, makamaka a m'matauni.

Cosangalatsa ndi cakuti mafuta a m'mimba amacepa msanga munthu akayamba kuyenda. Mphindi 30 za kuyenda mwandawala, masiku asanu pa sabata, ndi poyambira pabwino; wotsika basi ku Munali nkuyenda pansi kukafika kunyumba wayamba kale. Nsima icepe pa mbale, ciwawa, kalembula ndi nyemba ziculuke. Saladi athiridwe ndi supuni, osati kupendeketsa botolo. Zitumbuwa, machipisi, zakumwa za shuga ndi mowa zikhale za apo ndi apo.

Koma munthu amene akuonda popanda kufuna, makamaka ngati atsokomola, atuluka thukuta usiku, kapena amva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, asakondwere ndi tepi. Apite ku kiliniki akapimidwe TB, HIV ndi shuga.