Graphics card yodula si ya shopu iliyonse

Okushoni ya Chinkhoma ikatsegulidwa, ndalama za fodya zimafikanso pa Lisasadzi. Zinkhoswe ndi maukwati zimachuluka, ndipo aliyense amafuna makadi oitanira anthu, maposita ndi vidiyo. Ino ndiyo nyengo imene achinyamata ambiri amapita ku Kasungu boma kapena ku Lilongwe kukagula kompyuta yoyambira geni. Kumeneko wogulitsa sachedwa kutchula graphics card, kachipangizo kamene kamayendetsa zithunzi pa sikirini, ndipo amaloza yodula.

Funso loyamba ndi lakuti kompyutayo izigwira ntchito yanji. Wopanga makadi a ukwati ndi zikwangwani pa CorelDRAW kapena Photoshop sapindula kwenikweni ndi khadi yaikulu. Ntchito imeneyi imadalira kwambiri purosesa ndi RAM. Kompyuta ya Core i5 yokhala ndi RAM ya 16GB ndi SSD imagwira bwino, ndipo ndalama yotsalayo ndi bwino ipite ku printer, poti kasitomala amalipira chimene chatuluka papepala.

Nkhani imasintha kwa wokonza mavidiyo a maukwati ndi makwaya pa Premiere Pro kapena DaVinci Resolve, komanso kwa wotsegula shopu ya magemu. Apa khadi ndiyo imanyamula mtolo. GTX 1650 ya Nvidia, yomwe idatuluka mu 2019, ili ndi 4GB ndipo imadya mawati pafupifupi 75. RX 580 ya AMD, ya mu 2017, imapezeka ndi 8GB ndipo pa magemu imaiposa GTX 1650, koma imadya mawati 185. RTX 3060 ya mu 2021, yokhala ndi 12GB, imadya 170 ndipo imaziposa zonse ziwiri. Mtengo wakenso ndi wa munthu amene maoda a vidiyo sakumusowa.

Mawatiwa ndi amene ambiri amawaiwala. Magetsi a ESCOM akathima, shopu imadalira sola, batire kapena jenereta, ndipo khadi yadyera imamaliza batire makasitomala ali pamzere. Komanso makompyuta ambiri a kaunjika, monga Dell OptiPlex zing'onozing'ono zochokera m'maofesi akunja, ali ndi power supply yofooka ndi bokosi lopanikiza. RX 580 silowamo n'komwe. Chimene chimalowa ndi GTX 1650 kapena GTX 1050 Ti ya mtundu waufupi, wotchedwa low profile, yosafuna waya wina wa magetsi. Woguliratu khadi asanayeze bokosi amabwerera m'tauni kukagulanso power supply, ndipo thiransipoti ndi yake.

Pa RX 580 pali chenjezo linanso. Makadi ambiri a mtunduwu adagwira ntchito usana ndi usiku kukumba ndalama za pa intaneti za Ethereum, mpaka kukumbako kudatha mu Seputembala 2022, ndipo adatayidwa pamsika motchipa. Ena akadali bwino, ena mafani adatopa. Palinso makadi achinyengo: akale, koma osinthidwa dzina kuti azioneka ngati GTX 1050 Ti. Wogula aumirire kuti khadiyo iikidwe m'kompyuta pomwepo, aione pa pulogalamu yaulere ya GPU-Z, kenako gemu iseweredwe kwa mphindi 20. Zithunzi zikayamba mizeremizere kapena kompyuta ikazima yokha, ndalama ibwerere m'thumba.

Katunduyu ndi woitanitsa kunja, choncho mtengo wake umatsata dola. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa sabata yatha si wodalirika. Ndi bwino kufunsa mashopu atatu tsiku lomwelo ndi kulembetsa nambala ya khadi pa lisiti.

Wofuna shopu ya mpira wa FIFA basi awerengerenso PlayStation 4 ya kaunjika. Siifuna bokosi kapena power supply yapadera, ndipo anyamata a pa Lisasadzi adaizolowera kale.