Zikwanje pamaso pa apolisi ku Lilongwe

Pa 26 June 2025, anyamata onyamula zikwanje anaukira anthu omwe ankachita zionetsero ku Lilongwe zofuna kuti akuluakulu a bungwe la zisankho la MEC atule pansi maudindo. Mmodzi mwa otsogolera zionetserozo, a Sylvester Namiwa, anamenyedwa apolisi ndi asilikali akuonerera.

Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino limalola aliyense kuchita zionetsero mwamtendere, wopanda zida. Gawo 153 likuti ntchito ya polisi ndi kuteteza anthu ndi ufulu wawo. Apolisi akangoyang'ana, achiwembu amaona kuti chilango palibe, ndipo mawa amabweranso.

Makolo, langizani ana anu omwe ali m'tauni asalandire ndalama zokavulazira anthu. Magazi a munthu ndi opatulika, kaya akhale wa chipani chiti.