Digiri ndi mapiko: momwe South Africa imakonzera maofesala oyendetsa ndege za nkhondo

SALDANHA, South Africa – M'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, pa mtunda wopitirira makilomita 100 kumpoto kwa mzinda wa Cape Town, pali sukulu imene ophunzira ake amalowa m'kalasi atavala yunifomu ya usilikali, koma digiri imene amalandira ndi ya sukulu ya ukachenjede ya anthu wamba. Sukuluyi ndi Military Academy ya ku Saldanha, ndipo ndi amodzi mwa malo amene amasula maofesala a gulu la nkhondo la mumlengalenga la dzikolo, South African Air Force kapena kuti SAAF.

Sukuluyi idatsegulidwa m'chaka cha 1950 pafupi ndi mzinda wa Pretoria, ndipo panthawiyo maphunziro ake ankayang'aniridwa ndi University of Pretoria. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 idasamukira ku Saldanha, ndipo mu 1961 idakhala nthambi ya maphunziro a usilikali ya Stellenbosch University. Udindo udagawidwa pawiri. Asilikali ndiwo amasankha ophunzira, kuwalipira ndi kuyang'anira mwambo wawo, pamene yunivesite ndiyo imavomereza maphunziro ndi kupereka digiri yotchedwa BMil, yomwe imatenga zaka zitatu.

M'nthawi ya ulamuliro wa tsankho, mwayi wophunzira pasukuluyi udali wa amuna achizungu. Zinthu zidayamba kusintha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo zidafika pena mu 1994 pamene asilikali a boma lakale adaphatikizidwa ndi magulu omenyera ufulu monga Umkhonto we Sizwe kukhala gulu limodzi la South African National Defence Force.

Kuchokera m'kalasi kupita mumlengalenga

Wachinyamata wofuna kuyendetsa ndege za SAAF amayenera kukhala nzika ya dzikolo ndiponso kukhoza bwino masamu ndi sayansi pa mayeso omaliza a kusekondale. Madokotala amamupima maso, makutu, mtima ndi maganizo, chifukwa thupi la munthu woyendetsa ndege ya nkhondo limapanikizika kwambiri ndegeyo ikamakhota mwaliwiro. Akapambana, amayamba ndi maphunziro a usilikali amene msilikali aliyense amachita, kenako a uofesala.

Ku Saldanha amakhala pamodzi ndi anzake a magulu ankhondo a pamtunda ndi a panyanja. Kumeneko kumaphunzitsidwa masamu, fizikisi ndi sayansi ya kaulukidwe ka ndege, komanso mbiri ya nkhondo, ndale, malamulo ndi kasamalidwe ka anthu ndi chuma.

Kuuluka kwenikweni kumaphunzitsidwa chapafupi pomwepo, ku Central Flying School ya pabwalo la ndege la asilikali la Langebaanweg. Ndege yophunzirira ndi Pilatus PC-7 MkII ya ku Switzerland, yomwe idalowa m'malo mwa ndege yakale ya Harvard chapakati pa zaka za m'ma 1990. Wophunzira amayamba kuuluka ndi mphunzitsi, kenako yekha, ndipo amaphunzira kuyenda usiku, kudalira zida za m'ndege pamene mitambo yaphimba dziko, ndi kuuluka mondondozana ndi ndege zina. Akakhoza amamuveka baji ya mapiko pachifuwa.

Apa ndi pamene njira zimasiyana. Osankhidwira ndege zomenyera nkhondo amapita ku 85 Combat Flying School ku Makhado, m'chigawo cha Limpopo, kukaphunzira ndege ya Hawk asanakwere Gripen. A mahelikopita amapita ku 87 Helicopter Flying School ku Bloemspruit, pafupi ndi Bloemfontein, ndipo ena amalowera ku ndege zonyamula anthu ndi katundu. Njirayi yatsegukiranso amayi: mu 2010 Catherine Labuschagne adakhala mayi woyamba wa SAAF kuulutsa Gripen payekha, ndipo mu 2019 Mandisa Mfeka adaulutsa Hawk pamwambo wolumbiritsa Pulezidenti Cyril Ramaphosa.

Chifukwa chiyani digiri?

Luso logwira chiwongolero siliphunziridwa m'buku, choncho munthu angadabwe kuti yunivesite ikulowapo bwanji. Chifukwa chake n'chakuti woyendetsa ndege ya asilikali ndi ofesala, ndipo zaka zake zouluka n'zowerengeka. Akamakwera paudindo amayamba kutsogolera anthu, kukonza bajeti ndi kulangiza boma pa zogula zida. Ngakhale ali mumlengalenga, zimene amasankha m'kamphindi kochepa zimakhudza malamulo ndi ubale wa mayiko.

Chigawo chino chidaona kale zimenezi. Mu 2000, madzi a mtsinje wa Limpopo atasefukira ku Mozambique, mahelikopita a SAAF adapulumutsa anthu oposa 14,000, ena mwa iwo atakhala masiku angapo m'mitengo ndi pamadenga. Mu 2013, mahelikopita a Rooivalk adamenya zigawenga za M23 kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo, pothandiza gulu lapadera la United Nations la asilikali a South Africa, Tanzania ndi Malawi. Mu 2019 ndege za SAAF zidathandizanso ku Malawi ndi ku Mozambique pa nthawi ya namondwe wa Idai. Pa ntchito zotere woyendetsa ndege amayenera kudziwa malire a chilolezo chimene wapatsidwa, kusiyanitsa mdani ndi munthu wamba, ndi kumvana ndi asilikali a mayiko ena.

Mayiko ena adatsata njira zawozawo. Ku Britain, magulu a University Air Squadrons adayamba mu 1925 ku Cambridge ndi ku Oxford, ndipo amapatsa ophunzira a m'mayunivesite mwayi wolawa usilikali ndi kuuluka akadali pasukulu. Ku United States ofesala aliyense wa gulu la mumlengalenga amayenera kukhala ndi digiri, kaya ya ku Air Force Academy ku Colorado Springs, kaya ya yunivesite wamba komwe ambiri amachitira maphunziro a ROTC. Woyendetsa ndege kumeneko amalonjeza kugwira ntchito zaka 10 akamaliza maphunziro ouluka.

Pamene pagona vuto

Lonjezo lotere limasonyeza pamene pamapita ndalama zambiri. Kuphunzitsa munthu m'kalasi n'kotchipa poyerekeza ndi ola limodzi la ndege mumlengalenga, lomwe limafuna mafuta, zipangizo zosinthira, amakaniko ndi aphunzitsi odziwa ntchito. Boma likamaliza kulipira zonsezi, makampani a ndege za anthu wamba amabwera ndi malipiro okwera n'kutenga munthu wophunzira kale.

Dziko la South Africa ladutsa m'mavuto amenewa. Pa mgwirizano wogula zida wa mu 1999 lidagula ndege 26 za Gripen ndi 24 za Hawk. Koma mu 2013 nduna ya zachitetezo ya panthawiyo, Nosiviwe Mapisa-Nqakula, idauza nyumba ya malamulo kuti ndege 12 mwa Gripen zija zidangosungidwa osauluka. Kuyambira chakumapeto kwa 2021, ndege zonse za Gripen zidakhala pansi kwa pafupifupi chaka chifukwa mgwirizano wozikonzera udachedwa kusainidwa.

Ndege zikakhala pansi, mzere wonse umaima. Womaliza ku Saldanha amadikira malo ku Langebaanweg, wolandira mapiko amadikira Hawk kapena helikopita, ndipo amene adadziwa kale ntchito amayamba kuiwala, popeza luso louluka limazilala likapanda kugwiritsidwa ntchito.

Mayiko a SADC amene chuma chawo n'chochepa kuposa cha South Africa ali ndi phunziro pamenepa. Mgwirizano wa asilikali ndi yunivesite umatulutsa ofesala wodziwa kuganiza, yemwenso ali ndi pepala lomuthandiza akadzavula yunifomu. Koma chiwerengero cha ophunzira olembedwa chaka chilichonse chiyenera kugwirizana ndi maola ouluka amene bajeti ya dziko ingathe kulipira.